Tsiku limene anandisiyira bini pageti

Lachiwiri lina m'mawa ndinamva galimoto yotola zinyalala ikudutsa mumsewu mwathu. Nditatuluka ndinapeza mabini a anzanga onse ali pululu, koma yanga ili chidzadzire. Pachivindikiro anamatapo kapepala kofiira konena kuti muli zinthu zosayenera. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinali nditangosamukira kumene m'nyumbayo ndipo ndinkaona ngati ndachita zonse bwino. Mabotolo, mapepala, zitini, zonse ndinazimanga bwinobwino m'majumbo n'kuponya mu bini ya zinthu zokakonzedwanso.

Tsiku lomwelo ndinapita ku ofesi ya khonsolo, nditatenga kalata ya lendi yosonyeza kumene ndikukhala. Kulembetsa sikunachedwe. Anaona adiresi, n'kundipatsa kalendala ya masiku otolera: zinyalala wamba mlungu uliwonse, zokakonzedwanso pakatha milungu iwiri. Kenako mayi amene anali pa desikiyo anandifunsa kuti, "Bambo, mwati munazimanga m'majumbo?" Nditavomera anapukusa mutu. "Vuto ndi lomwelo. Muziponyamo zili zomasula."

Zimene anandifotokozera ndi zimene zinandisintha maganizo. Kumalo kumene amakasankhira zinyalalazi, zonse zimayenda pa lamba. Maginito amakoka zitini zachitsulo, makina ena amakankhira pambali za aluminiyamu, ndipo anthu ovala magolovesi amaima m'mbali kutola zosafunika. Jumbo ikalowa mmenemo imakulungana muzitsulo zozungulira mpaka makina kuima, ndiye munthu amayenera kulowamo ndi mpeni kukadula. Jumbo yomanga sakhala ndi nthawi yoimasula, imangopita kumtaya ndi zonse zili m'katimo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kuseri kwa lamulo lililonse pa pepala la malamulo a khonsolo kuli manja a munthu.

Nditafika kunyumba ndinayala chipepala chachikulu pabwalo n'kukhuthulapo bini yonse. Fungo lake! Chitini china chinali ndi zotsalira za chakudya, ndipo madzi ake anali atanyowetsa manyuzipepala onse apansi. Pepala likalowa mafuta latha ntchito, chifukwa pokonzanso amalisungunula m'madzi ndipo mafutawo amaononga zamkati zonse. Ndinataya mulu wathunthu umene ukanapulumuka ndikanangotsukuluza chitini chimodzi. Sikuti mpaka sopo ayi, madzi otsala potsuka mbale ndi okwanira, kenako n'kuchisiya chiume.

Mapulasitiki ndi amene anandidyera nthawi. Ndinkatembenuza botolo lililonse kufunafuna kanambala kamene kamakhala m'kachizindikiro ka makona atatu pansi pake. Manambalawa amayambira 1 mpaka 7, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1988. Ine ndinkaganiza kuti chizindikirocho chikutanthauza kuti chinthucho chidzakonzedwanso, pamene chimangonena mtundu wa pulasitiki basi. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi HDPE, yolimbirapo, ya zigubu za sopo wamadzi. Ziwirizi amazilandira pafupifupi paliponse. Nambala 5 makhonsolo ena amatenga, ena ayi. Nambala 6, kuphatikizapo tofewa toyera totetezera katundu m'makatoni, pa pepala langa inali yoletsedwa. Choncho musadalire zimene munazolowera kumene munachokera, werengani pepala la khonsolo yanu.

Zina zinali zachidule. Makatoni ndinawaphwasula kuti akhale afulati. Kapu yagalasi yosweka ndi mbale yadothi ndinazichotsa pakati pa mabotolo, popeza sizisungunuka pa moto wofanana ndi wa mabotolo. Ndinazikulunga m'pepala lochindikala kuti zisacheke wotola, n'kuziika mu zinyalala wamba.

Pansi penipeni ndinapeza batire ya foni yakale, ndipo thupi linachita tsembwe. Mabatire a lithium akapsinjika m'galimoto ija imene imapanikiza zinyalala amatha kuyaka moto, anthu ali pomwepo. Panopa ndili ndi kabotolo kapadera kosungiramo mabatire, nsonga za mabatirewo nditamata tepi, ndipo kakadzadza ndimakapereka kumalo amene khonsolo inapatula. Mababu, penti wotsala ndi mankhwala otha ntchito nazonso zili ndi malo ake.

Chinatsala ndi makoko ndi zotsala za kukhitchini. Banki Yaikulu Padziko Lonse inanena mu 2018 kuti dziko limatulutsa zinyalala zoposa matani 2 biliyoni pachaka, ndipo gawo lalikulu kuposa ena onse ndi zakudya ndi zomera. Zimenezi zikakwiririka kumtaya popanda mpweya zimatulutsa methane, mpweya umene umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide. Ine ndinaika mgolo woboola kuseri kwa nyumba, ndimathiramo makoko n'kuphimba ndi masamba ouma, n'kumatembenuza kamodzi pamlungu kuti asanduke manyowa. Bini ya zinyalala wamba inapepuka moti tsopano ndimaikoka ndi dzanja limodzi, ndipo ntchentche zinachepa.

Patatha milungu iwiri ndinatulutsa bini madzulo, chivindikiro chitatsekeka bwino, chogwirira chitaloza kumsewu. M'mawa ndinadzuka msanga n'kukaima pageti. Bambo wina wovala ovololo anatsika, anatsegula, anasuzumira m'kati kanthawi ndithu, kenako anaikokera ku galimoto.

"Lero zili bwino, achimwene?" ndinafunsa.

"Zili bwino, bambo. Koma mabotolowa muziwaphwanyako pang'ono, adzikwana ambiri."

Ndinawathokoza, ndipo ndisanalowe m'nyumba ndinamatula kapepala kofiira kaja pachivindikiro.