Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka cholimbana ndi Chingerezi

Gawo lapita ndinakusiyani pomwe njala ya 2002 inatichotsa pa esiteti ya fodya pomwe bambo anali tenanti, n'kubwerera kumudzi kwa amayi kufupi ndi Chamama. Chaka chotsatira chimanga chinachita bwinoko, ine n'kubwerera kusukulu, Fomu 3 pa CDSS ya kwathuko. Anzanga ambiri sanabwerere. Ena anakwatiwa, ena anakhazikika pa maganyu a m'maesiteti.

Amene munalembapo MSCE mukuwadziwa mantha a Chingerezi. Ukhoze Masamu, Bayoloje ndi Zaulimi bwanji, ukapeza 9 pa Chingerezi a MANEB sakupatsa satifiketi. Ndipo ukafuna ku yunivesite, 7 kapena 8 sakuthandiza, pafunika kiredit. Ife tinaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, Chingerezi n'kudzakhala chophunzitsira mu Sitandade 5, nthawi yomwe makalasi anali atasefukira chifukwa cha sukulu yaulere yomwe inayamba mu 1994. Kunyumba, kumsika, kutchalitchi, panalibe wochilankhula.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene ankatiphunzitsa phunziroli. Tinkangowatchula kuti Madamu. Buku linali limodzi pa gulu lonse, ndiye ntchito yambiri inkachitikira pabolodi. Ankalemba chiganizo, pansi pake n'kulemba mawu awiri oyambira, amvekere, "Ana inu, nenani zomwezi m'njira ina, koma tanthauzo lisasunthe." Chimodzi ndimachikumbukirabe: The goats ate the maize. Tiyambe ndi The maize. Ambiri ankalemba kuti chimanga chinadya mbuzi, osamva chilichonse cholakwika, chifukwa ankangosuntha mawu osaona chochitikacho. Madamu sankathamangira choko chofiira. Ankafunsa kuti, "Wadya ndani? Wadyedwa ndani?" Ukayankha zimenezo, was eaten by inkabwera yokha.

Pomwe anandigwira mtima ndi pa reported speech. Anati tonsefe tinatumidwapo ndi agogo. Agogo akati, "Kawauze amalume ako kuti ndibwera mawa," sukafika n'kunena kuti ndibwera, umati agogo akuti abwera mawa. Luso limenelo tinali nalo kale. Chongowonjezera n'choti Chingerezi chimabweza nthawi m'mbuyo: will isanduka would, tomorrow isanduka the following day. Tsiku limenelo m'pomwe ndinaleka kuloweza malamulo ngati mavesi.

Pa summary ndi note-making anali okhwima kwambiri. Kukopera chiganizo cha m'ndime ankati ndi kuba. Tinkawerenga ndime, n'kutseka buku, n'kumufotokozera mnzako m'Chichewa, kenako n'kulemba m'Chingerezi chathu chomwe. Masukulu ambiri masiku amenewo ankalanga mwana wolankhula Chichewa pabwalo la sukulu, ndipo aphunzitsi ena sankakondwa nayo njirayi. Ine mpaka lero ndimati Madamu ndiwo ankalondola. Chinthu chomwe sungathe kuchifotokoza m'chinenero chako sunachimve, ndiye uchilemba bwanji m'chinenero cha eni?

Kunyumba ndinalibe buku, koma bambo anali ndi kawailesi. Ndinkamvera nkhani za Chingerezi pa MBC, kenako za Chichewa, n'kumaona momwe nkhani imodzimodzi yasinthira chovala. Nyuzipepala zakale zokulungira usipa, kaya The Nation kaya The Daily Times, ndinkaziwongola n'kusankhamo ziganizo zitalizitali zoti ndizilembenso mwanjira yanga pa koloboyi. Amayi ankadandaula, "Mwanawe, palafiniyo ndi ndalama," koma Loweruka akagulitsa mtedza, kabotolo kankabwera kodzaza. Iwo sanafike Sitandade 5, ndipo sankamva n'limodzi lomwe la mawu amene ndinkabwereza usiku.

Pofika Fomu 4 tinapanga kagulu ka ana a m'mudzi mwathu. Mapepala akale a MANEB tinkawakopera pamanja kuchokera kwa mnyamata wina amene anaphunzira ku boma, n'kumasinthana makope kuti tichongerane. Mikangano yaikulu inali pa unless ndi although, ndipo ikatikanika tinkaisunga mpaka Lolemba kuti Madamu aigamule.

Kenako sukulu inalengeza tsiku lomaliza lolipira ndalama za mayeso, fodya wa bambo asanagulidwe. Momwe ndalamayo inapezekera, ndi mbuzi ya agogo imene inapita nayo, ndidzakufotokozerani m'gawo 10.