Nkhuku Yophikira Pamodzi ndi Nthochi Zosapsa

Kuti chakudya ichi chikome, nkhani yaikulu ili pa kasankhidwe ka nthochi. Ine ndimasankha nthochi zophika zomwe zikadali zobiriwira ndiponso zolimba, chifukwa zakupsa zimaphwanyika msanga mumphika ndipo zimatsekemeretsa msuzi mopitirira muyeso. Posenda ndimayamba ndadzola mafuta pang'ono m'manja kuti utomoni usamatirire, ndipo zosendedwazo ndimaziika m'madzi amchere kuti zisade.

Nkhuku ndimaikazinga kaye m'mafuta otentha mpaka itafiira mbali zonse. Ambiri amafulumira pamenepa, komatu fungo lonse la msuzi limachokera ku timadontho tofiirira totsalira pansi pa mphika, choncho sindilola kuti titayike. Mumafuta omwewo ndimakazingamo anyezi, adyo ndi jinja, kenako matimati, mpaka madzi ake ataphwa. Ndikatero ndimabwezeramo nyama, n'kuthira madzi ongokwanira kuimiza, ndi kuchepetsa moto.

Nthochi siziyenera kulowa msanga. Nkhuku yokhwima imatha ola lathunthu kapena kuposerapo isanafewe, pamene nthochi zimapsa pa mphindi 20 mpaka 30 zokha, motero ndimadikira kuti nyama itsale pang'ono kupsa ndisanaziike. Zikalowa, ndimapewa kuvundula pafupipafupi. Ndimangogwedeza mphika, popeza ufa wa m'nthochizo umakhuthalitsa msuzi wokha popanda kuonjezera china chilichonse. Mchere ndi tsabola ndimalawa kumapeto, chifukwa nthochi zimamwa mchere wambiri kuposa momwe munthu angaganizire.