Nyumba yogula kaioneni mvula ikugwa

Amene mukusunga ndalama zoti mugule nyumba kapena poloti mu Lilongwe muno, chonde kaoneni malowo mu Januwale kapena Febuluwale. Ine ndakhala ndikusakasaka nyumba kwa nthawi ndithu ndipo chomwe ndaona nchoti mu Ogasiti dera lililonse limaoneka bwinobwino, kuli fumbi basi, galimoto imafika mpaka pa geti, koma mubwere mvula itagwa masiku angapo otsatizana mupeza msewu uja wasanduka ngalande, wakabaza akukuuzani kuti bwana tsikirani pompano uko sindilowa. Mukukumbuka mu Febuluwale 2017 Lingadzi atasefukira mmene nyumba zinagwera ku Mtandire? Ku Blantyre nako pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anthu anathera ku Chilobwe mmunsi mwa phiri la Soche. Malo a m'dambo, m'mbali mwa mtsinje ndi m'tsinde mwa phiri amatchipa pa chifukwa chake.

Ngati simungadikire dzinja, khoma limanena lokha. Weramani muyang'ane mmunsi mwa khoma lakuseri, osati lakumaso lomwe alikonzera alendo. Mukaona penti ikufundukuka, pulasitala akuyoyoka mukamukanda ndi chala, kapena tinthu toyera ngati mchere, ndiye kuti pansipo pali chinyezi. Pena mupeza apaka penti yatsopano yolekeza m'mabondo mokha, kumwamba yakale, apo funsani kuti bwanji. Suzumiraninso chimbudzi chokumba cha aneba ngati akulolani, madzi akakhala pafupi mudziwiratu kuti septic tank yanu izidzadza chaka chilichonse.

Ndipo anthu oti muwafunse si agent ayi. Khalani pa benchi ya mayi ogulitsa tomato pa kona, gulani wa pang'ono, muyambe kucheza. Iwowo ndi amene angakuuzeni kuti madzi a m'mipopi amabwera usiku wokha, kuti pa mlatho paja anthu amachitidwa chipongwe kukangoda, kuti kuseri kuli bala yomwe Lachisanu simugona, ngakhale chifukwa chenicheni chomwe mwini nyumba akugulitsira. Ine ndimapitanso ku siteji cha m'ma 6 mmawa kukaona ngati minibasi zikupezeka, chifukwa poloti ya ku Njewa, ku Chitedze kapena ku 6 Miles ingaoneke yotchipa lero koma ngati mumagwira ntchito ku Kanengo kapena ku City Centre ndalama munapulumutsa ija izithera transport mwezi ndi mwezi, ana nawonso azipita kusukulu.

Za mitengo ndiye pamafunika mutu wozizira. Mtengo wa pa Facebook ndi wa pa magulupu a WhatsApp ndi mtengo woyambira kukambirana, si womwe nyumba zikugulidwira. Nyumba imodzi yomweyo mutha kuipeza kwa ma agent atatu mitengo itatu yosiyana, chifukwa uyu wamva kwa uyu, uyu kwa dobadoba wina, aliyense waikapo yake pamwamba, ndipo musanaione nkomwe akufuna kaye viewing fee. Limbikirani kuti mukumane ndi mwini wake maso ndi maso. Komanso musamadalire zoti mnzanga anagula ku Area 49 mu 2021 pa mtengo wakuti, kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022 kenako 44% mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, ndiye mitengo yakaleyo ingokupwetekani mtima. Chomwe chimandithandiza ine ndi kufunsa lendi ya nyumba zofanana nayo mu mzere womwewo, poti lendi anthu sanama, amalipira mwezi ndi mwezi. Kenako ndimatenga mmisiri womanga yemwe ndimamukhulupirira kuti andiuze kuti kumanga yotereyi lero ingadye zingati, nkuphatikiza ndi mtengo wa poloti yopanda kanthu kuderako. Mtengo ukaposa pamenepo kwambiri ndimafuna wogulitsayo andiuze chomwe ndikulipirira. Ngati ndalama yake ndi ya loni, valuer, katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, ndi wofunika ndithu, a banki nawonso amufuna.

Mapepala musachite nawo manyazi. Funsani kuti malowa mwini wake weniweni ndani, ndi a Lands, a Malawi Housing, a khonsolo kapena ndi a amfumu? Ngati pali title deed pitani ku Lands mukapange search, muone ngati dzina lili pamenepo ndi la munthu akukugulitsaniyo, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki, komanso kuti pa lease ya zaka 99 ija zatsala zingati. Ma city rates, ground rent ndi mabilu a madzi otsalira, zonsezo zidzakhala zanu mukapanda kufunsa. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo yokha ine siindikwanira, poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo kuno. Onaninso ma beacon, zizindikiro za malire a poloti, ndipo ngati malowo ali m'mbali mwa msewu waukulu ngati M1 kumbukirani kuti mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu, tsiku lokuza msewu fensi yanu ipita.

Zomwe zimandimvetsa chisoni kwambiri ndi nyumba za masiye. Mwana mmodzi kapena amalume akugulitsa mwachangu, mtengo wabwino zedi, pomwe mayi wamasiye ndi ana enawo sakudziwa kanthu. Mukamva kuti mwini wake anamwalira, pemphani mapepala a kukhoti osonyeza yemwe anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, mukumane ndi mayiyo ndi ana onse pamodzi, ndipo ndalama musapereke pamanja, idutse kwa loya.