Maso achoke pa mpira: zimene ndatola kwa Karch Kiraly

Sabata ino mtima wakhala m'malo. M'kalasi yathu ya uphunzitsi wa masewero anatipatsa ntchito yofufuza wosewera volleyball wa ku koleji amene anadzakhala kochi, ine n'kusankha Karch Kiraly. Za zikho zake anzanga mukudziwa kale: zitatu za NCAA (mpikisano wa makoleji a ku America) ndi yunivesite ya UCLA pansi pa kochi Al Scates mu 1979, 1981 ndi 1982, golide wa Olimpiki mu 1984 ndi 1988, wina wa volleyball ya pamchenga mu 1996. Chinkandisowetsa tulo n'china. Munthu amene miyendo yake inkangodziwa yokha kogwera mpira, angamuphunzitse bwanji mnzake zimenezo?

Mutu unatseguka nditafika pa timu ya America ya 1984. Kochi Doug Beal anasiya chizolowezi choti anthu ambiri azilandira seva, n'kuika awiri okha, Kiraly ndi Aldis Berzins, kuti aziphimba mamita 9 onse a mulifupi. Anthu awiri sangapose mpira liwiro. Ndiye kuti ankanyamuka mpirawo usanamenyedwe, atawerenga kale woseva: mmene wauponyera m'mwamba, kumene phewa laloza, kumene dzanja ligunde. Kuwerenga kumeneku si kwachibadwa ayi, ndi ndondomeko ya maso, ndipo ndondomeko imaphunzitsika. Potchinga pa neti n'chimodzimodzi: mpira, setter (amene amakonzera mnzake mpira woti amenye), mpira, womenya. Ukaona kuti pasi yabwera bwino, maso achoke pa mpira apite m'manja mwa setter. Akautulutsa, uuyang'ane pang'ono chabe kuti udziwe koima, kenako maso pa phewa la womenya. Mwana amene amangotsata mpira m'mwamba amadumpha mochedwa nthawi zonse, ife n'kumamukalipira kuti ndi waulesi.

N'chifukwa chake ndikuona kuti ukochi wa Kiraly sunachokere pa dzina lokha. Anayamba ndi timu ya kusukulu ya ana ake, mu 2009 n'kukhala wothandizira kochi Hugh McCutcheon ku timu ya amayi ya America, mu 2012 n'kutenga timuyo. Inapambana chikho cha dziko lonse mu 2014, ndipo ku Tokyo mu 2021 inatenga golide wake woyamba wa Olimpiki.

Njira imene yandigwira mtima ndi ya vidiyo. Ndimaimitsa masewero pafoni mpira usanafike m'manja mwa setter, n'kunena mokweza kuti upita kuti, kenako n'kuiyendetsa. Kunena zoona, ndikuona ngati imeneyi yokha ikuposa madirilo onse amene tachita chaka chino.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu atha nafe teremu pa miyeso: bwalo mamita 18 kwa 9, neti 2.43 ya abambo, 2.24 ya amayi. N'zofunika, inde, koma za maso sanatchulepo n'kamodzi komwe, ndipo mayeso ali pakhomo. Bandulo nayo ya vidiyo imatha msanga.

Tsono atsikana amene ndimawathandiza madzulo amasewera panja, pafumbi, mphepo ikukankha mpira mmene ikufunira, ndipo ena manja sanakhwime n'komwe polandira. Kodi ndiyambe ndi maso kapena ndi manja? Mwina ndi zonse pamodzi, mwina ndikuthamanga nazo. Pamenepa sindinapaone bwinobwino.