Mmene tidagulira nyumba ogula titachuluka kuposa nyumba

Nyumba yoyamba yomwe tidaikonda idagulidwa ife tikadali kukambirana. Tidakaiona Loweruka m'mawa, ine ndi mayi a kunyumba, ndipo pobwerera tinali titagawa kale zipinda: ichi cha ana, icho cha alendo. Lolemba nditaimbira ejenti kuti tikufuna kukaionanso, adandiuza kuti eni ake alandira mitengo kuchokera kwa anthu anayi ndipo asankha kale mmodzi. Tsiku limenelo m'pamene ndidazindikira kuti nyumba zogulitsa zikachepa koma ozifuna n'kuchuluka, mtengo wolembedwa pa chikwangwani umangokhala poyambira. Wosankha amakhala mwini nyumba. Wogula ndiye amasankhidwa.

Tidalakwitsa poyamba ndi kuona nyumba m'malo moyamba ndi banki. Choncho tidabwerera m'mbuyo. Tidasonkhanitsa mapepala a malipiro athu, masitetimenti a akaunti ndi mndandanda wa ngongole zonse zomwe tinali nazo, n'kukapempha kalata yosonyeza ndalama zomwe banki ingatibwereke. Musakhutire ndi nambala yomwe wa ku banki wangokuuzani pakamwa. Wogulitsa amakhulupirira kalata yolembedwa banki itaunika mapepala anu, chifukwa chomwe iye amaopa kwambiri ndi kugwirizana ndi munthu yemwe pakapita mwezi adzabwera n'kunena kuti ngongole yakanika.

Nambala ya m'kalatamo idatisangalatsa, koma sitidaitenge ngati yathu. Banki imawerengera zomwe mungabweze, siwerengera kuti mudzakhala bwanji mukamabweza. Chidandiopsa ine ndi chiwongoladzanja. Pa ngongole ya zaka 30, chiwongoladzanja chikachoka pa 3 peresenti kufika pa 6 peresenti, ndalama yolipira pamwezi imakwera ndi pafupifupi 42 peresenti. Izi sizongoyerekeza: m'maiko ambiri chiwongoladzanja chinali chotsika mu 2020 ndi 2021, kenako mu 2022 mabanki aakulu a boma adachikweza motsatizana, ndipo omwe ngongole zawo zimasintha ndi msika adazimva m'thumba. Tidakhala pansi usiku wina, n'kuchotsapo za loya, msonkho wosinthira umwini, wowerengera mtengo wa nyumba, inshuwalansi, zosamukira, ndi kangachepe kosunga pambali. Yotsalayo tidailemba pa pepala n'kulonjezana kuti sitidzaidumpha.

Lonjezolo lidayesedwa pa nyumba yachitatu. Yachiwiri sindinenapo zambiri, idapita kwa munthu wolipira ndalama zonse nthawi imodzi, ndipo wotero simungapikisane naye. Koma yachitatuyi inali ndi khonde lalikulu ndi kuwala kolowa bwino m'khitchini, ndipo tidatsala awiri okha. Ejenti adaimba madzulo kuti tikangowonjezera pang'ono ndi yathu. Ine mtima unali utapita kale. Mayi a kunyumba adangotenga pepala lija n'kuliika patebulo, amvekere, "Bambo, tidagwirizana chiyani?" Tidaisiya. Zidandipweteka kwa masabata angapo, ndipo sindibisa kuti ndinkadzuka usiku n'kumaonanso zithunzi zake pa intaneti.

Kuluza katatuko kudandiphunzitsa kufunsa funso lomwe poyamba sindinkaliganizira: kodi wogulitsayu akufuna chiyani kupatula ndalama? Pa nyumba yachinayi ndidamufunsa ejenti funso limeneli tisadatchule mtengo uliwonse. Yankho lidali lakuti eni ake akusamukira ku nyumba ina yomwe sidathe kukonzedwa, ndipo akuda nkhawa kuti akakhala kuti kwa miyezi iwiri. Ife tinali pa lendi, tikadatha kudikira. Tsiku lomwelo tidatumiza mtengo wathu pamodzi ndi kalata ya banki, tidati tsiku lotulukira asankhe okha, ndipo tidakweza dipoziti kuti aone kuti sitikuseweretsa. Ejenti adatiuza pambuyo pake kuti panali wina yemwe adatiposa mtengo pang'ono, koma ankafuna makiyi pakutha pa mwezi.

Pali chinthu chimodzi chomwe tidakana ngakhale tidauzidwa kuti ena akuvomera: kugula popanda katswiri kuiyendera nyumbayo. Pamene mpikisano wakula, ogula ambiri amachotsa mfundo imeneyi m'pangano kuti akondweretse wogulitsa. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kugula ndi maso otseka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo penti watsopano amabisa zambiri. M'malo mochotsa mfundoyo tidafupikitsa nthawi yake: tidalonjeza kuti katswiri abwera pasanathe masiku asanu, komanso kuti sitidzavuta ndi tinthu ting'onoting'ono monga mpopi wodontha kapena chitseko cholira, koma zikakhala za maziko, denga, magetsi kapena chinyezi tidzakambirananso. Katswiriyo adakwera kudenga ndi tochi, adayang'ana ming'alu ya m'makoma kuti aone ngati ili ya pulasitala chabe kapena ikuchokera pansi, adatsegula bokosi la magetsi. Adapeza kuti denga limadontha pakona imodzi ndipo matabwa awiri ayamba kuwola. Tidabweretsa mmisiri kuti awerengere, ndipo eni ake adavomera kuchotsa ndalama yokonzerayo pa mtengo.

Chotsatira chidali chomwe ndinkachiopa kuposa zonse. Banki sibwereketsa potengera mtengo womwe mwagwirizana basi, imatumiza wowerengera wake, ndipo kawirikawiri imatengera nambala yocheperapo pa ziwirizo. Tiyerekeze kuti mwagwirizana 110, banki ikubwereketsa 80 peresenti, ndipo inu mwakonzeka kuikapo 22. Wowerengera akati nyumbayo ndi ya 100, banki ipereka 80 yokha, ndiye kuti inu mupeze 30. Mpikisano ukakankhira mitengo m'mwamba, kusiyana kumeneku kumachitikachitika, chifukwa wowerengera amayang'ana nyumba zofanana nayo zomwe zidagulidwa miyezi yapitayo, mitengo isadakwere chonchi. Kwa ife nambala yake idatsika pang'ono, ndipo kangachepe kaja tidasunga pambali ndi komwe kadatseka mpatawo. Tikadadumpha pepala lathu pa nyumba yachitatu ija, bwenzi titagwa pomwepa.

Za mapepala tidasiyira loya wathuwathu, osati wa wogulitsa. Iye adakafufuza ku kaundula wa malo ngati ogulitsawo alidi eni ake, ngati nyumbayo sidakoleredwe ngongole ina, ngati malire a pa mapu akugwirizana ndi mpanda, komanso ngati onse oyenera kusaina asaina. Adatichenjezanso kuti tisatumize ndalama ku akaunti iliyonse yobwera pa imelo tisadamuimbire pa nambala yomwe tikuidziwa kale, popeza akuba amatumiza mauthenga onamizira kuti akaunti yasintha. Wa ku banki naye adati pa nthawi yodikirayi tisatenge ngongole ina, ngakhale ya mipando, ndipo tisasinthe ntchito, chifukwa banki itha kuunikanso zonse isadatulutse ndalama.

Miyezi iwiri ija idatalika. Dzulo lake la tsiku losainirana tidapempha kulowamonso komaliza. Tidayatsa getsi lililonse, tidatsegula mipopi yonse, tidaona ngati zomwe zidalembedwa kuti zitsala zatsaladi. Mawa lake tidasaina, loya adatsimikiza kuti ndalama zafika, ndipo eni ake akale adatipatsa makiyi ali m'kachikwama, kiyi aliyense atamumata kapepala kosonyeza chitseko chake. Mmisiri wa denga adafika sabata yomweyo, ife tisadamasule n'komwe makatoni a m'chipinda cha ana.