Makoko a mfuti ya agogo

Lolemba m'mawa kunafika bambo wina wochokera ku Chulu, atakulunga mfuti m'chitenje, pepala la kupolisi lili m'thumba. Inali Martini-Henry, ija asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1871. "Ndi ya malemu agogo anga," anatero. "Kuombera ayi. Ndikufuna makoko 5 a zipolopolo zake, adzukulu aziona mmene zinkaonekera." Ndinavomera, koma ndinanenetsa kuti onga sindiukhudza, ndipo khoko lililonse ndiliboola pambali kuti wina asadzathiremo kanthu.

Zipolopolo za mfuti imeneyi, zotchedwa .577/450, simungazipeze m'sitolo muno m'Kasungu. Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira makoko 10 a bulasi opanda kanthu, a shotigani ya 24 gauge. Kumunsi kwake n'kofanana ndithu, koma ndi owongoka ngati paipi, pamene Martini imafuna khosi lopyapyala ngati la botolo. Lachiwiri lonse ndinali pa lathe, makina osemera zitsulo, kusema chikombole kuchokera ku ekiselo yakale. Lachitatu magetsi kunalibe.

Lachinayi ndi limene linandiwawa. Ndinkafuna kubweza tsiku lotayika lija, ndiye ndinakanikiza khoko lonse kamodzi. Linakwinyika paphewa. Khoko lachiwiri linang'aluka khosi, lachitatu chimodzimodzi. Ndinazima makina n'kukhala pansi, chifukwa makoko amenewa anachokera kutali ndipo mwini wake anandikhulupirira.

Bulasi wa makoko ndi magawo 70 a mkuwa ndi 30 a zinki. Ukamamupana amauma, ukapitiriza amasweka, ndipo chomufewetsa ndi moto. Tinatseka chitseko kuti mukhale kamdima, n'kuimika makoko m'mbale ya madzi, khosi lokha lili pamtunda. Kumunsi sikuyenera kufewa. Ndinayendetsa lawi mozungulira mpaka chikasu chija chinayamba kudera, n'kuligwetsera m'madzi lisanafiire.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa anadzidzimuka. "Abwana, madziwo saumitsa?"

"Iwe, ukuganiza za nkhwangwa," ndinamuuza. "Chitsulo ukachiviika chili chofiira chimalimba. Bulasi satero."

Ndinaona m'maso mwake kuti sakukhulupirira, ndiye ndinamupatsa khoko long'aluka lija kuti aliwotche yekha, alipane ndi pulayala. Linapindika ngati tsamba la fodya lachinyezi.

Lachisanu ndinasema zikombole zina 2 zapakati, kuti khosi lizichepa pang'onopang'ono. Kupaka girisi, kukanikiza pang'ono, kutulutsa, kupukuta, kuwotcha, kubwerezanso. Makoko 7 onse anatuluka bwino.

Bambo aja anabwera Loweruka masana. Anatsitsa chogwirira cha pansi pa mfuti, n'kulowetsa khoko limodzi ndi chala chachikulu. Linalowa lonse, mfuti n'kutsekeka bwinobwino. Anakhala chete kanthawi, kenako anati agogo awo ankasunga zoterezi m'kathumba kachikopa kamene kadakalipo kumudzi. Anandipempha kuti awiri otsalawo ndiwaboolenso, atenge onse.