Chimanga chosafa ndi mankhwala a udzu: zimene ndikuphunzira

Sabata ino m'kalasi mwathu kuno ku Johannesburg tinali pa mutu wosintha majini a mbewu kuti zisamafe zikapoperedwa mankhwala opha udzu.

Mankhwalawa amapha potsekereza enzayimu, puloteni yoyendetsa ntchito za m'thupi, imene chomera chimadalira. Mankhwala a glyphosate amatsekereza enzayimu yotchedwa EPSPS, pomwe imazapyr ndi anzake amalimbana ndi ina yotchedwa ALS. Enzayimu ikaleka kugwira ntchito, chomera chimalephera kupanga ma amino acid ena, tizigawo tomangira mapuloteni, kenako n'kuuma. Soya wa Roundup Ready amene anatuluka mu 1996 anamuika jini yochokera ku bakiteriya kuti asamafe ndi glyphosate. Koma pali njira yatsopano imene siifuna jini yachilendo. Kuchokera pamene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza za CRISPR-Cas9, njira yodulira DNA pamalo osankhidwa, mu 2012, komanso base editing, njira yosintha DNA popanda kuiduliratu, itabwera mu 2016, akatswiri amatha kusintha chilembo chimodzi chokha cha DNA mu jini ya ALS. Enzayimu imagwirabe ntchito yake, koma mankhwala sapezanso pogwira. Azichita kale pa mpunga, tirigu ndi chimanga.

Anzanga ambiri m'kalasimo akamva "munda" amaona mafamu a m'chigawo cha Free State kuno ku South Africa, chimanga chokhachokha mpaka kumene maso alekeza. Kumeneko nzeruyi ikumveka. Koma m'munda wa kwathu muli chimanga, nyemba, nandolo ndi maungu, ndipo m'mizere mumamera bonongwe, chisoso ndi luni, zimene buku lathu likuziika m'gulu la udzu pamene amayi amathyola n'kuphika ndiwo. Mukapopera munda wotere, chimanga chipulumuka chokha. Kupalira n'kowawa, sindikukana, ndipo ganyu wopalira amadya ndalama. Komabe mbewu yotereyi imakakamiza mlimi kusintha kalimidwe konse, kuphatikizapo kugula mbewu ndi mankhwala chaka ndi chaka.

Udzu nawonso sugona. Palmer amaranth, m'bale wake wa bonongwe, anayamba kupirira glyphosate ku Georgia, ku America, ndipo mu 2018 anapezeka m'chigawo cha Northern Cape kuno ku South Africa. Mankhwala a ALS ndiye udzu umawazolowera msanga kuposa ena, chifukwa kusintha kakang'ono kamene ife timapanga mu labu kamachitikanso kokha kutchire.

Pamene ndinakopeka ndi pa kaufiti. Ameneyu amayamwa mizu ya chimanga asanatulukire n'komwe, ndiye khasu limafika mochedwa. Ku Kenya, a CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, ndi anzawo anatulutsa chimanga chopirira imazapyr, mbewu yake n'kuipaka mankhwalawo pang'ono. Kaufiti akamamera pafupi ndi muzu amafera pansi pomwepo, popanda kupopera munda wonse, ndipo nyemba zodzalidwa patali pang'ono zimakula. Chimangacho sichinapangidwe ndi CRISPR, koma CRISPR ikhoza kuika khalidwe lomwelo mu mbewu zimene alimi amazikonda kale, popanda zaka zambiri zokwatitsa mitundu. Mwa zonse zimene taphunzira, ntchito iyi ndiyo ndikuiona kuti ingathandize mlimi wa ku Ntcheu kapena ku Mzimba.

Za malamulo tinangodutsamo. South Africa inagamula mu 2021 kuti mbewu zoterezi ziziyendera lamulo la 1997 la GMO, zamoyo zosinthidwa majini, pomwe Malawi inatulutsa ndondomeko yakeyake mu 2022. Lipoti langa la teremu ino ndalilemba pa kaufiti ndi ALS, ndipo ndapempha aphunzitsi kuti andilole kuonjezamo mapira, popeza nawonso kaufiti amawazunza.